MTIMA UMENE UNAULULA MWINI WACE

Mwana wa sukulu wa ku Nangongwe akabwera madzulo ndi kabuku ka Cingerezi kokhala ndi cithunzi ca mphaka wakuda pacikuto, a m'nyumba amayamba akondwa kuti mwana akonda kuwerenga. Koma tsiku limene amace afunsa kuti m'bukumo muli nkhani yanji, mwana nayankha kuti muli munthu amene anapha nkhalamba nabisa mtembo pansi pa nyumba, cikondwerero cija cimatha. Atate wace, amene angofika kumene kucokera ku nchito ali wotopa, anganene mau amodzi okha: "Kataye." Kodi mabuku otere aononga mwana, kapena muli kanthu m'menemo kamene mwana ayenera kukadziwa?

Nkhani zoopsa zimene zimasindikizidwa kawirikawiri m'timabuku ta ana ophunzira Cingerezi, zina mwa izo n'zakale kwambiri, ndipo mlembi amene dzina lace silisowa pamenepo ndiye Edgar Allan Poe wa ku America. Iyeyu anabadwira ku Boston m'caka ca 1809, namwalira ku Baltimore m'caka ca 1849 ali ndi zaka 40 zokha. Anakula wamasiye, pakuti atate wace anathawa banja, ndipo amace anamwalira iye asanakwanitse zaka zitatu. Atakula, moyo wace unali wa umphawi ndi ngongole, mowa unambvuta, ndipo mkazi wace Virginia anadwala cifuwa cacikuru zaka zisanu kufikira anamwalira mu 1847. Nkhani zace ziwiri zochuka koposa, The Tell-Tale Heart ndi The Black Cat, zinaturuka caka cimodzi, 1843, mkaziyo ali cidwalire m'nyumba. Poe sanazilembere ana ai. Anazigulitsa kwa eni manyuzi kuti apeze ya cakudya. Aphunzitsi ndiwo anazitengera ku sukulu pambuyo pace, poona kuti n'zazifupi ndipo mwana akaziyamba sazisiya.

Dzina la nkhani yoyamba lingamasuliridwe kuti mtima wouluula. Amene aifotokoza ndiye wakupha mwini wace, ndipo ciyambire pa ciyambi alimbikira kutsimikiza kuti iye si wamisala. Anali kukhala nyumba imodzi ndi nkhalamba ina imene sinamlakwirepo kanthu, ndiponso cuma cace sanacisirire. Cimene cinamsautsa ndico diso limodzi la nkhalambayo, diso la ng'ala, limene kwa iye linafanana ndi la muimba. Usiku kasanu ndi kawiri anatsegula citseko ca mkuluyo pakati pa usiku, pang'onopang'ono, nyali ataibvundikira, koma anapeza disolo lili lotseka, nabwerera. Usiku wacisanu ndi citatu nkhalamba inadzidzimuka, kuwala kwa nyali kunagwera padiso lija lili pululu, ndipo munthuyo anaipha, nabisa mtembo pansi pa matabwa a m'cipindamo, nakonza zonse bwino lomwe kuti pasaoneke kanthu.

Nthawi ya 4 koloko m'bandakuca kunafika mapolisi atatu, cifukwa mnansi anamva kukuwa. Wakuphayo anawalandira mwaulemu, nawaonetsa nyumba yonse, nawapatsa mipando m'cipinda comweco, wace nauika pamwamba peni peni pa mtembo. Mapolisi anakhuta nao mau ace, nayamba kuceza za zina. Pamenepo iye anamva kugunda, ngati koloko yokulunga m'nsaru. Anakweza mau kuti kusamveke, koma kunakula. Anayendayenda, anakwekwesa mpando, koma kunakulabe. Mapolisi sanamve kanthu konse. Potsiriza anapfuula yekha kuti afukule matabwawo, pakuti mtima wa wakufa uja uli kugunda pansipo.

Womvera wocenjera waona kale kuti m'nkhani yonseyi mulibe mfiti, mulibe ciwanda, mulibe mboni. Palibe anamgwira munthuyo. Akadakhala cete kanthawi kocepa, mapolisi akadatsazika napita. Cimene cinampereka cinali m'cifuwa mwace momwe. Ndipo apa mpamene nkhani ya Mzungu wa ku America ikomana ndi cinthu cimene akuru akale a kuno anacidziwa bwino, nacicha cirope.

Cirope ndiyo nthenda imene inali kugwira munthu wokhetsa mwazi wa mnzace. Duff Macdonald, mbusa wa ku Scotland amene anakhala pa Mishoni ya Blantyre, analemba za ico m'buku lace Africana la 1882, monga anamvera kwa anthu a m'dzikomo: kuti munthu wakupha kapolo wace kapena mbale wace amaopa kuonda, kucita khungu ndi kufa imfa yomvetsa cisoni, ndipo cifukwa ca manthawo amapita kwa mfumu ndi malipo, naulula cimene wacita, kuti ampezere mankhwala akumwa kapena osamba. Kwina akuru amati cirope cisokoneza mutu, munthu nayamba kuona wakufayo pali ponse. Kaya mankhwalawo anali ndi mphamvu kaya analibe, nzeru imene inali kumbuyo kwace njoonekeratu: mwazi wa munthu sunyamulika ndi munthu mmodzi ali cete. Mlandu suola, ndipo ukasowa bwalo lounenera, umadya mwini wace.

Koma pali kusiyana kumodzi kwakukuru, kumene anthu a m'makomboni ndi a pa migodi angakumvetse msanga kuposa a kumudzi. Wakupha wa kumudzi anali ndi kopita. Anali ndi mfumu, anali ndi atsibweni ace omuimira pa mlandu, panali malipo, panali kusamba. Njirayo inali yowawa, koma inalipo. Munthu wa Poe alibe ngakhale dzina. Sachula amace, sachula mbale, sachula kwao; sizidziwika ngati nkhalambayo inali atate wace kapena mwini nyumba cabe. Ali ngati mlendo wa m'tauni amene watsika sitima pa Kafue nabwereka kacipinda, anansi akumva mapazi ace usiku koma osadziwa mfunda wace. Wotereyu cikumbumtima cikamgwira alibe womuuza, ndipo cimaturukira m'makutu. Coopsa ceni ceni ca nkhaniyi si mtembo uja ai, koma kukhala wekha ndi cinthu cosaneneka.

The Black Cat ionjeza cinthu cina cimene m'komboni sicacilendo, ndico mowa. Wofotokoza nkhaniyo anali munthu wofatsa, wokonda ziweto kuyambira ubwana wace. Atayamba kumwa anasanduka waukali kwa mkazi wace ndi kwa ziwetozo. Tsiku lina ataledzera anakolowola diso la mphaka wace Pluto, ndipo pambuyo pace anampacika pamtengo, akudziwa bwino kuti nyamayo sinalakwe. Usiku womwewo nyumba yace inapsa. Anatola mphaka wina wofanana ndi woyamba, nayenso wa diso limodzi, ndipo sipanapite nthawi anayamba kumuda. Tsiku lina anamsamulira nkhwangwa, mkazi wace namgwira mkono, nkhwangwayo inathera pa mkaziyo. Mtembo anaumangira m'khoma la cipinda ca pansi pa nyumba. Mapolisi atafufuza osapeza kanthu, iye mwa matama anagogoda khomalo ndi ndodo, ndipo m'katimo munamveka kulira: anali atamangira mphaka wamoyo pamodzi ndi mtembo. Nkhaniyi aifotokoza ali m'ndende, mawa lace akapacikidwa. (Ana a lero ayenera kuuzidwa za cingweco, pakuti m'Zambia cilango ca imfa cinathetsedwa mu December 2022.)

Cimene Poe anaciona bwino apa ndico kuti nkhanza ili ndi makwerero. Iyamba ndi mau, ifika pa ciweto, ikathera pa munthu. Mwana amene wakulira m'nyumba momwe mbale zimasweka pa kutha kwa mwezi safuna womasulira. Aizindikira nkhaniyi msanga, kapena kuposa mphunzitsi wace. Mlembi wina, Robert Louis Stevenson wa ku Edinburgh, anaitenga mfundo yomweyi mu 1886 m'buku la Dr Jekyll ndi Mr Hyde, dotolo wolemekezeka amene amamwa mankhwala nasanduka munthu wina wankhanza usiku. Koma bukulo lipatsa wocimwa pothawira, pakuti anganene kuti anacita ndi winayo. Poe sapereka mpata umenewo.

Tsopano za misala, pakuti apa mpamene mabukuwa angasokeretse mwana ngati palibe wamkuru pafupi. Mwezi womwewo umene The Tell-Tale Heart inasindikizidwa, January 1843, munthu wina dzina lace Daniel M'Naghten anaombera Edward Drummond ku London. Drummond anali mlembi wa nduna yaikuru Robert Peel, ndipo anafa nalo balalo. Bwalo linapeza kuti M'Naghten anali wodwala mutu, silinampacika, koma linamtumiza ku cipatala ca amisala. Anthu anadandaula kwambiri, cotero oweruza akuru anafunsidwa kuti aike muyeso. Muyesowo ndi uwu: munthu amasuka pa mlandu cifukwa ca misala pokhapo ngati nthendayo inamcititsa kusadziwa cimene anali kucita, kapena kusadziwa kuti n'coipa. Lamulo la milandu la Zambia litsata muyeso womwewo kufikira lero. Mwana wa sekondale angayese kuweruza nao munthu wa Poe uja. Anakonzekera masiku asanu ndi awiri, anabisa mtembo, ananamiza mapolisi: kodi wobisa sadziwa kuti walakwa? Koma nanga munthu wolungama mutu angaphe mnzace cifukwa ca diso? Poe sanayankhe, ndipo anacita bwino kusayankha.

Coipa cace n'cakuti mwana akawerenga nkhani zotere zambiri angayambe kuyesa kuti wodwala mutu ali yense ndi wakupha. Limeneli ndi bodza, ndipo ndi bodza lopweteka anthu. Odwala ambiri sapweteka munthu. Kawirikawiri iwo ndiwo amaponyedwa miyala pamsika ndi kumangidwa zingwe kuseri kwa nyumba. Kale odwala a dziko lino amatumizidwa kutali ku Ingutsheni, ku Bulawayo, abale osawaonanso. Cipatala ca Chainama ku Lusaka cinatsegulidwa mu 1962, ndipo mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano loteteza ufuru wa odwala mutu. Nthendayi ili ndi mankhwala, ndipo ambiri amacira nabwerera ku nchito zao. Akuru akale naonso sanamtaye wotere, pakuti anati wamisala anaona nkhondo.

Makolo amene aopa bukuli angakumbukirenso kuti nkhani yoopsa imene inabvutitsa anthu m'dziko muno sinacokere m'buku. M'zaka za 1952 ndi 1953, pamene anthu anali kukana citaganya ca Federation, mbiri inawanda m'makomboni kuti kuli banyama, anthu ogwira anzao usiku kuti akawacotse mwazi. Anthu osalakwa analozedwa zala, ndipo ngakhale oulutsa mau a pa wailesi ya ku Lusaka ananenedwa kuti ndi banyama, monga Peter Fraenkel, amene anagwira nao nchito, anafotokoza m'buku lace Wayaleshi la 1959. Nkhani ya banyama inauza womvera kuti coipa cili mwa mnansi wace, ndipo inamtuma kukatola mwala. Nkhani ya Poe iuza wowerenga kuti coipa cingamere mwa iye mwini, ndipo imkhazika pansi. Zonse ziwiri ziopsa, koma sizibala zipatso zofanana.

Ndiponso ana a kuno sanakhalepo opanda nkhani zoopsa. Agogo pamoto anali kusimba za afisi ndi mizukwa kufikira ana aopa kuturuka panja, ndipo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 mabanja amaunjikana pa wailesi kumvera Julius Chongo m'nthano zace za Poceza m'Madzulo. Koma pamotopo panali agogo, ndipo pa wailesipo panali banja lonse. Mwana akaopa amatsamira mwendo wa wamkuru, nafunsa. Cimene casintha n'cakuti tsopano awerenga yekha, kapena aonera pa foni atafunda bulangete. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu The Black Cat simuyenera, pakuti za diso la mphaka ndi nkhwangwa zidzangomlotetsa. Wa zaka 13 kapena 14 angaiwerenge, makamaka ngati atate kapena amace amuuza kuti aisimbe m'Cinyanja atatha kudya. Kholo losadziwa Cingerezi lisadziyese locepa pamenepa, cifukwa za cirope lidziwa kuposa bukulo.

Mwanayo akatha kusimba, pali funso limodzi lomfunsa, limene ophunzira akhala akutsutsana nalo zaka zambiri: cinali kugunda pansi pa matabwa ciani? Ena ati unali mtima wa wakuphayo, umene anaumva m'makutu mwace nauyesa wa nkhalamba. Ena akumbutsa kuti m'nkhanimo Poe anachula tizirombo tina tofukula mitengo ya nyumba, timene timagogoda usiku ngati koloko, nati kapena ndito tinamveka. Mwana wa ku Nangongwe, amene wagonapo m'nyumba ya malata namva ciswe ndi makoswe usiku magetsi atazima, adzakhala nao maganizo ace pa zimenezi.