Ketulo Youza Ana za Makolo Ao

Lero tikambe za m'mene anthu a maiko ena amayang'anira okalamba okhala okha.

Ku Japan, mwa anthu khumi ali onse, pafupifupi atatu ndi a zaka 65 kapena kuposa, ndipo ana ambiri ali kutali ku nchito. M'caka ca 2001 kampani ya Zojirushi inaturutsa ketulo ya magetsi yacilendo. Gogo akathira madzi a tiyi, ketuloyo imasunga nthawi yace, nitumiza uthenga ku lamya ya m'manja ya mwana. Tsiku likapita osaigwira, mwanayo amadziwa kuti pali bvuto.

Kuyambira 2018, wochi ya Apple imazindikira munthu akagwa kolimba. Akakhala osagwedezeka kwa mphindi imodzi, imaitana yokha acithandizo, niuzanso abale.

Koma tamverani. Zipangizozi zimafuna magetsi ndi netiweki, ndipo sizidzutsa munthu pansi. Pafunika mnansi wothamangirako uthenga ukafika. Tsono inu mafumu, dziwani nyumba zonse za okalamba m'mudzi mwanu. Ndiponso mwini wace ayambe wabvomera, pakuti mkulu sazondedwa ngati mbala.