Makina Ophunzitsanso Miyendo Kuyenda

Munthu akavulala mtsempha wa mumsana, kotero kuti uthenga wa ubongo sufikanso bwino kumiyendo, kale ankadalira manja a omuthandiza, amene ankanyamula mapazi ake limodzilimodzi kufikira atalema. Koma akatswiri a pachipatala cha Balgrist ku Zurich anakonza makina otchedwa Lokomat, ogulitsidwa kuyambira 2001, amene amachirikiza thupi ndi malamba nayendetsa miyendo pa chopondera choyenda chokha, kwa nthawi yaitali osatopa. Chondikhudza mtima ine n'chakuti mtsemphawo umaphunzira mwa kubwerezabwereza, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Komatu ndinene zoona: opindula kwenikweni ndi iwo amene mtsempha wawo sunadukiretu, pakuti makinawa salumikiza chimene chinaduka.