Kubwerera Pansanja: Luso Loyeza Mtunda mu Super Smash Bros.

Amene anaonererapo anzake akusewera Super Smash Bros. amalidziwa phokoso limene limabuka wina akaponyedwa kunja kwa nsanja. Wosewerayo amakanyanga kontrola, amadina mabatani onse nthawi imodzi, womenya wake amauluka m'mwamba, kenako amaphonya nsonga ya nsanja pang'onong'ono n'kugwera kuphompho. Oonerera amafa nazo zoseka, mwiniwake n'kumaloza chala kontrola. Komatu nthawi zambiri kontrola imakhala ilibe mlandu. Wosewerayo ndiye wayeza mtunda molakwika.

Gemu yake ndi yotani?

Super Smash Bros. ndi gemu ya kampani ya Nintendo ya ku Japan, ndipo amene anaiyambitsa ndi Masahiro Sakurai. Yoyamba inatuluka mu 1999 pa makina a Nintendo 64. Melee inabwera mu 2001 pa GameCube, ndipo Ultimate, imene ili ndi omenya oposa 80, inatuluka mu Disembala 2018 pa Nintendo Switch.

M'magemu ngati Street Fighter kapena Tekken, munthu amagonja mphamvu zake zikatha. Mu Smash zinthu n'zosiyana. Mukamenyedwa, nambala ya peresenti imakwera, ndipo ikakwera, nkhonya yotsatira imakuponyani kutali kwambiri. Koma simutaya moyo pokhapokha mutadutsa malire a bwalo, kaya m'mbali, kumwamba kapena pansi. Pa mipikisano ya Ultimate aliyense amayamba ndi miyoyo itatu. Choncho kulephera kubwerera kamodzi kokha n'kutaya gawo limodzi mwa magawo atatu a mwayi wanu wonse.

Zida zimene muli nazo m'malere

Womenya akakhala kunja kwa nsanja amadalira zinthu zinayi. Choyamba ndi kudumpha kwachiwiri, kumene amatha kuchita mapazi ali m'malere. Ambiri amadumpha kamodzi kokha, ngakhale Kirby ndi Jigglypuff amadumpha kasanu. Chachiwiri ndi luso lokwera, limene limatuluka mukakankhira kandodo ka kontrola m'mwamba n'kudina batani la B. Chachitatu ndi luso lam'mbali, limene kwa omenya ena limawathamangitsa chopingasa. Chachinayi ndi kuzinda m'malere, kumene mu Ultimate kumakusunthani pang'ono kumbali imene mwaloza.

Pali malamulo awiri amene woyamba kumene ayenera kuwaloweza. Omenya ambiri akagwiritsa ntchito luso lokwera amatha mphamvu: amangogwa, osatha kumenya kapena kudumpha, mpaka atagwira nsonga kapena kuponda pansi. Lachiwiri n'lakuti kudumpha kwachiwiri sikubwerera mpaka mutaponda nsanja kapena kugwira nsonga yake. Mdani akakumenyani mutadumpha kale, luso lokwera mukhala nalobe, koma kudumpha kuja kwapita. Anthu ambiri amataya miyoyo pamenepa, chifukwa mantha amawadumphitsa msanga.

Njira zinayi zolamulira mtunda

Njira yoyamba ndi kolowera. Tengani Fox. Luso lake lokwera, Fire Fox, limayamba ndi kanthawi kosakwana sekondi imodzi pamene iye amaima m'malere moto ukumuzungulira. Kumene mwaloza kandodo nthawi imeneyo n'kumene adzathamangire. Kutalika kwa ulendowo n'kokhazikika, ndiye ntchito yanu ndi kuugawa. Mukaloza m'mwamba chindunji, mtunda wonse umapita ku kukwera. Mukaloza chopendeketsa pa madigiri 45, mumapeza pafupifupi magawo 7 mwa 10 a mtundawo pokwera ndi magawo 7 mwa 10 popita m'mbali. Amene anaphunzira masamu a makona atatu azindikira kuti ndi nkhani yomwe ija ya m'kalasi. Pikachu amakupatsani zisankho ziwiri: Quick Attack imathamanga kawiri, koma ulendo wachiwiri umatheka pokhapokha mutaloza kwina, kosiyana ndi koyamba.

Njira yachiwiri ndi nthawi imene mwagwira batani. Diddy Kong amavala migolo ya roketi kumsana, ndipo mukagwira B nthawi yaitali amauluka kutali. Quick Draw ya Ike ndi Green Missile ya Luigi zimayendanso chimodzimodzi, kungoti izi zimapita m'mbali. Vuto lake n'lakuti pamene mukusonkhanitsa mphamvu, womenyayo akutsika, ndipo mdani akuona bwinobwino zimene mukukonza. Mukagwira batani pang'ono simufika. Mukaligwira nthawi yaitali mumamupatsa mpata wokudzerani. Diddy akamenyedwa ali pa ulendo, migolo ija imamuchoka.

Njira yachitatu ndi mafuta. Loboti yotchedwa R.O.B. imauluka ndi Robo Burner, imene imadya mafuta nthawi yonse imene ikuyaka, ndipo mafutawo amadzaza lobotiyo ikakhala pansi. Wosewera wanzeru amayatsa ndi kuzimitsa m'malo mowotcha onse nthawi imodzi. Mdani wochenjera naye amadziwa zimenezi, ndiye amaibweza kunja mobwerezabwereza isanadzaze thanki. Mabaluni a Villager nawonso amachepa mphamvu mukawagwiritsa ntchito motsatizana, ndipo mdani akhoza kuwaphulitsa.

Njira yachinayi ndi kudula ulendo pakati. Mu Melee, Fox ndi Falco akathamanga m'mbali, wosewera akhoza kudinanso B kuti ulendowo uthere panjira. Gemuyi imayenda zithunzi 60 pa sekondi, ndipo mpata wodinira ndi wa zithunzi zochepa chabe. Mu Ultimate kudula kumeneku kulibe, koma Fox akathamanga m'mbali satha mphamvu, moti akhoza kutsatiza Fire Fox.

Ness ali m'gulu lakelake. Amatulutsa mpira wa mphezi wotchedwa PK Thunder, wosewera n'kuuwongolera mozungulira mpaka ugunde Ness mwiniwake. Mbali imene wamugunda ndi imene imasankha kolowera: ukamugunda kumsana chakumunsi, amapita kutsogolo chokwera. Mdani akaimirira panjira ya mpirawo n'kuugunda yekha, Ness amagwa wopanda chochita.

N'chifukwa chiyani ulendo waufupi umapulumutsa?

Woyamba kumene amaganiza kuti kubwerera bwino ndi kufika kutali kwambiri. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Mukapitirira nsonga n'kukatera pakati pa nsanja mutatha mphamvu, mumakhala kanthawi osatha kudziteteza, ndipo mdani amakhala atakonzeratu nkhonya yake yaikulu. Koma mukagwira nsonga mumapatsidwa kanthawi kamene palibe chingakupwetekeni. Cholinga tsono ndi chakuti ulendo wanu uthere pansonga penipeni, mutu usanatulukire pamwamba.

Apa m'pamene pagona chinsinsi cha maluso amene mtunda wake susintha. Ngati simungafupikitse ulendo, sinthani poyambira. Lolani womenya wanu atsike kaye, ndipo mudine batani pamene mtunda wotsala wafanana ndi kutalika kwa luso lake. Kudikira kumeneku kumaopsa, chifukwa maso amaona phompho likuyandikira, koma n'kumene kumasiyanitsa wozolowera ndi wophunzira.

Nsonga nayo si nyumba yogonamo. Mu Ultimate, wobwera chakumunsi amatha kumenyedwa pa zithunzi ziwiri zoyambirira akangoigwira, ndipo osewera aluso amayeza nkhonya zawo kuti zigwere pomwepo. Mukasiya nsonga n'kuigwiranso musanaponde nsanja, chitetezo chija simuchipezanso. Mu Melee, mdani akayamba ndiye kugwira nsonga, inu simungaigwirenso, ndipo ngati ulendo wanu unayezedwa kuti uthere pomwepo, mumagwa. Mu Ultimate wobwera pambuyo amamukankha woyambayo. Gemu iliyonse ili ndi malamulo ake, choncho zimene munazolowera mu ina zikhoza kukuphetsani mu inzake.

Dziwaninso kuti mukagwira kandodo kuloza pansi, womenya wanu amadutsa nsonga osaigwira. Ena amachita dala kuti amenye mdani amene wayandikira kwambiri. Ambiri zimawachitikira mwangozi, chala chikaterereka.

Mungaphunzire bwanji?

Sankhani womenya mmodzi ndipo mulowe m'gawo lophunzirira. Mu Ultimate muli bwalo lojambulidwa mizere ngati pepala la magirafu, limene limakuthandizani kuwerenga kuti luso lanu limakwera mabokosi angati. Mukhozanso kuchepetsa liwiro la gemu kuti muone bwino zimene zikuchitika. Dumphirani kunja mwadala, ndipo ulendo uliwonse muzitsika pang'ono kuposa wapitawo mpaka mutapeza malo amene simungathenso kubwerera. Malo amenewo ndiwo malire anu, ndipo ndi bwino kuwadziwira pano kusiyana ndi pa mpikisano.

Yesaninso mabwalo osiyanasiyana. Kalos Pokémon League ili ndi makoma otsika pansi amene mungakwere mowatsatira, pamene Battlefield ndi yolenjekeka m'malere, moti mukalowa kunsi kwake mukhoza kugunditsa mutu n'kulephera kutuluka.

Pomaliza, sungani dongosolo ili. Mukaponyedwa, yambani mwangoloza kandodo kunsanja, chifukwa kuyandama kotereku sikukudyerani chida chilichonse. Kudumpha kwachiwiri kusungeni mpaka mutaona chimene mdani akuchita. Luso lokwera likhale lotsiriza. Ndipo musamabwerere njira imodzimodzi nthawi zonse: ulendo uno gwirani nsonga chakumunsi, ulendo wina dutsani pamwamba, wina chedwani dala. Mnzanu amene mumasewera naye tsiku ndi tsiku amawerenga zizolowezi zanu, ndipo akadziwa pamene ulendo wanu umathera, amakakudikirirani pomwepo.