Matenda a Shuga ndi Chiwongolero pa Msewu wa ku Senga Bay

Msewu wochoka m'tauni ya Salima kupita ku Senga Bay, womwe ndi wa makilomita pafupifupi 20, umadzaza ndi maminibasi, njinga zamoto za kabaza ndiponso magalimoto onyamula usipa wopita ku Lilongwe, ndipo ena mwa owayendetsa amadwala shuga, popeza kafukufuku wa STEPS wa m'chaka cha 2009 adapeza kuti Amalawi 5.6 pa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi nthendayi.

Ziphaso zoyendetsera galimoto zimaperekedwa ndi nthambi ya boma ya Road Traffic potsatira lamulo la zapamsewu la 1997, ndipo wonyamula anthu molipiritsa amafunikanso chilolezo chapadera, chotchedwa PrDP, chimene sichituluka popanda kalata ya dokotala. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito ya udalaivala, lamulo la 1996 limakaniza laisensi munthu amene shuga wake sakusamalidwa mokwanira, koma silitsekera njira aliyense wodwala nthendayi.

Choopsa chenicheni pa chiwongolero ndi kutsika kwa shuga m'magazi, komwe madokotala amati hypoglycaemia, ndipo kawirikawiri amachititsa ndi mankhwala omwe. Jakisoni wa insulin ndi mapiritsi a glibenclamide amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye, pomwe metformin payekha sachita zimenezi kawirikawiri. Dalaivala amene walawirira mbandakucha kukatenga nsomba padooko, atamwa mapiritsi koma m'mimba muli zii, amayamba kutuluka thukuta, kunjenjemera ndi kuona zinthu mwachimbuuzi shuga akatsika kupyola 4 mmol/L, ndipo akaumirira ulendo akhoza kukomoka galimoto ikuyenda. Kutentha kwa kunyanja kumawonjezera vutolo chifukwa insulin amalowa msanga m'magazi thupi likatentha, komanso thukutalo munthu amaliyesa la dzuwa chabe. Asilamu, omwe ndi ambiri m'derali, akafuna kusala m'mwezi wa Ramadan amayenera kukambirana kaye ndi a chipatala za nthawi ndi mlingo wa mankhwala.

Ku Britain ogwiritsa ntchito insulin amalangizidwa kudziyeza asananyamuke ndiponso maola awiri aliwonse ali paulendo, kudya kanthu ngati shuga ali pa 5 kapena kucheperapo, ndipo shuga akatsika kupyola 4, kudikira mphindi 45 atabwerera m'malo mwake asanayambenso kuyendetsa. Malangizowa ndi othandiza kulikonse, ngakhale kuti mtengo wa timapepala toyezera umalemera kwa dalaivala wa kuno, amene angakwanitse kusunga maswiti kapena botolo la Sobo pafupi ndi mpando wake. Kalata ya dokotala imangonena za tsiku limene munthu adayezedwa, ndipo anyamata ambiri a kabaza, amene amayendetsa opanda laisensi, safika n'komwe pamaso pa dokotalayo.