Khomo la sukulu n'lotsekula, koma khanda asiyire yani?

Pa msika wa Chitakale m'boma la Mulanje kumacha msanga. Pofika 6 koloko m'mawa, akabaza amakhala atayamba kale kulimbirana anthu, amayi atayala nthochi, zinanazi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza, uku ana asukulu akudutsa m'magulumagulu, makope ali m'manja.

Pakati pa ogulitsawo sipalephera kupezeka mtsikana wa zaka 16 kapena 17, lichero lili pamutu, khanda lili kumsana. Ena mwa odutsa atavala yunifomuwo ndi anzake omwe ankakhala nawo kalasi imodzi chaka chatha. Zoterezi zimaonekanso pa Limbuli, pa Nkando ndi pa Chinakanaka.

Chomwe mabanja ambiri sadziwa, kapena amadziwa koma sachikhulupirira, n'chakuti malo a mtsikana ameneyu kusukulu adakalipo. Boma lidawasunga zaka zoposa 30 zapitazo.

Kale, mwana wasukulu akangopezeka ndi pathupi, yake imathera pomwepo. Dzina limafufutidwa m'kaundula, ndipo akuluakulu amangoti madzi akatayika saoleka. Ena amachita kusintha dzina n'kukayambiranso kusukulu yakutali komwe sakudziwika.

Zinthu zidasintha mu 1993 pomwe boma lidakhazikitsa ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akachira. Apa n'kuti ntchito yolimbikitsa maphunziro a atsikana ya GABLE, yomwe inkathandizidwa ndi dziko la America, ili mkati. Chaka chotsatira, mu 1994, sukulu za pulaimale zidakhala zaulere.

Malinga ndi ndondomeko ya 1993, mtsikana amayenera kudziwitsa mphunzitsi wamkulu kudzera m'kalata, n'kukhala kunyumba chaka chimodzi, kenako n'kupempha malo ake. Ngati wopereka pathupiyo adali mwana wasukulu mnzake, nayenso amaimitsidwa chaka chimodzi. Unduna wa zamaphunziro udaunikanso ndondomekoyi mu 2006, ndipo mu 2018 udatulutsa ina yokhudza sukulu za pulaimale ndi sekondale zomwe.

Pankhaniyi Malawi adatsogola. Zambia idatsatira mu 1997. Ku Mozambique, tsidya lina la Muloza, lamulo la 2003 linkakakamiza atsikana oyembekezera kuphunzira usiku mpaka lidachotsedwa mu 2018. Ku Tanzania khomo lidatsekulidwa mu 2021.

Koma lamulo likhoza kukhala labwino papepala, mtsikana n'kumagulitsabe nthochi pamsika. Vuto lenileni lagona pa funso limodzi lomwe palibe kalata ya ku unduna ingaliyankhe: iye akalowa m'kalasi, khandalo litsala ndi yani?

Mulanje ndi boma lothithikana. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 680,000, pomwe gawo lalikulu la nthaka lidatengedwa ndi phiri komanso minda ya tiyi. Minda ya mabanja ndi ing'onoing'ono, chakudya sichifika chaka, choncho pafupifupi aliyense wamphamvu pakhomo amadzukira kukasaka ndalama. Mayi wa mtsikanayo, yemwe anthu amangoganiza kuti ndiye alere mdzukulu, mwina amathyola tiyi ku esiteti, mwina amapita kuganyu, apo ayi amakapikula chimanga ku Milange kuti adzagulitse pa Limbuli.

Nyengo yomwe tiyi amachuluka, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndi yomweyonso ya njala ndi yolima, komanso sukulu imakhala ili mkati. Agogo akati akhale pakhomo ndi mwana, ndiye kuti tsiku limenelo ndalama ya ufa palibe. Mtsikana akati apite kusukulu, ndiye kuti lichero la nthochi lagona. Mabanja ambiri akawerengetsa chonchi, sukulu ndiyo imagonja, osati chifukwa chodana ndi maphunziro ayi, koma chifukwa mimba siidikira mayeso.

Sukulu za mkombaphala zilipo m'midzi yambiri, koma nthawi zambiri zimalandira ana omwe afika zaka zitatu, ndipo zimaweruka dzuwa lisanafike paliwombo. Khanda la chaka chimodzi, loyamwa, lilibe malo kumeneko.

Apa mpomwe chikhalidwe cha kuno chikhoza kuthandiza kapena kuononga. M'midzi yambiri ya Alhomwe ndi Amang'anja, mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Izi zikutanthauza kuti mtsikana akabereka sachoka pamudzi pa mayi ake. Azakhali, achemwali ndi agogo amakhala pafupi, ndipo akagwirizana kusinthana masiku olera, mtsikana amabwerera m'kalasi. Koma chikhalidwe chomwechi chimapatsanso danga mnyamata kuti athawe udindo. Amangoti mwana ngwa kwawo, iye n'kukwera basi ya ku Limbe kapena kuolokera ku Mozambique.

Mabanja ena amathamangira ukwati kuti achotse manyazi. Malume akakhala pansi ndi akuchimuna, nkhani imathera pakuti awiriwo angolowana. Komatu lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo adasintha malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale makolo asamavomereze ukwati wa mwana wosafika zakazi. Ku Dedza, Inkosi Kachindamoto idatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo kusukulu. Ndipo ngati wopereka pathupiyo ndi munthu wamkulu, kaya ndi wabizinesi wa pamsika kaya mphunzitsi, imeneyo si nkhani yokambirana pansi pa mtengo wa mango. Ndi mlandu wa kupolisi.

Kukula kwa vutoli kumaoneka m'ziwerengero. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adaonetsa kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'dziko muno adali atabereka kale kapena adali oyembekezera. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 kaamba ka Covid-19, kafukufuku wa boma adapeza kuti atsikana oposa 40,000 adatenga pathupi m'miyezi yochepa chabe. Ku Mulanje kudabweranso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, yemwe adagumula nyumba, kukokolola minda ndi kusandutsa sukulu zambiri kukhala misasa ya anthu othawa madzi.

Kodi ndalama zingasinthe kanthu? Zomwe zidachitika ku Zomba mu 2008 ndi 2009 zikuyankha. Akatswiri ena, mothandizidwa ndi World Bank, adayesa kupereka kandalama kochepa mwezi ndi mwezi kwa atsikana ndi makolo awo, pamgwirizano wakuti mtsikana azipita kusukulu. Mwa atsikana omwe adali atasiya kale sukulu, oposa theka la olandira ndalamawo adabwerera m'kalasi, pomwe mwa osalandira, obwerera sadakwane mmodzi mwa asanu alionse. Ambiri mwa iwo sadali osafuna sukulu. Chidawatsekereza ndi sopo, makope ndi chakudya.

Boma lili ndi njira zina zomwe banja likhoza kutsamira. Mtukula Pakhomo, yemwe adayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo adafalikira m'maboma onse, amaonjezera kandalama pa mwana aliyense wa pasukulu m'banja lolandira, ngakhale kuti amafikira mabanja ovutikitsitsa okha. Ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu paboma ndiko kofunsira za thandizo la ophunzira osowa. Ndipo mu Okutobala 2025, pamwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde m'boma lomweli, mtsogoleri wa dziko lino Peter Mutharika adalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 maphunziro a sekondale m'sukulu za boma akhala aulere. Kuchotsa fizi kumapepula katundu, koma yunifomu, nsapato ndi phala la mwana zimatsalabe pamutu pa banja.

Palinso katundu wina wosaoneka ndi maso. Mtsikana wobwerera amakumana ndi anyamata omuitana kuti "mayi" kapena "ntchembere" pofuna kumuseka, ndipo mkaka ukadontha pa yunifomu kalasi yonse imadziwa. Aphunzitsi ena, m'malo momuteteza, amamusandutsa chitsanzo pophunzitsa za khalidwe. N'chifukwa chake ena amasankha kusamukira kusukulu ina, kapena kulowa makalasi a masana a sekondale za open, komwe kumakhala anthu a misinkhu yosiyanasiyana ndipo m'mawa umatsala wosamalira mwana.

Omwe agwira ntchito yaikulu mwakachetechete ndi magulu a amayi a pasukulu, otchedwa Mother Group. Amayiwa salipidwa. Amayenda khomo ndi khomo kufunsa chifukwa chomwe mwana wakuti sakuonekera m'kalasi, amakambirana ndi makolo ndi mafumu, ena amasoka nsalu zodzisamalira atsikana akakhala kumwezi, ndipo amaperekeza mtsikana wamanyazi ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Amayendera mawu akale aja akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kwa banja lomwe lili ndi mtsikana wotere pakhomo, poyambira ndi pomwepo: kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi mmodzi wa amayiwa, chaka cha sukulu chisanayambe mu Sepitembala. Mphunzitsi akakana, pali mlangizi wa sukulu za m'dera, yemwe anthu amamutcha PEA, komanso ofesi ya zamaphunziro pa boma la Mulanje. Koma asananyamuke ulendowo, mayi, malume ndi akuchimuna ayenera kukhala atagwirizana kale za yemwe atsale ndi mwana Lolemba, ndi yemwe atsale naye Lachiwiri.