Za Dzenje la Manyowa ndi Kadimba ka Pakhomo

Kwa inu mafumu, nyakwawa ndi eni minda nonse.

Mwezi wa Ogasiti ukafika, munthu woyenda pa msewu wochokera ku Zomba kunka ku Blantyre aona utsi mbali zonse. Ena atentha mapesi kuti kusosa kupepuke, anyamata atentha tchire posaka mbewa, ndipo amayi atentha zinyalala za pabwalo. Utsi umenewo ndiwo chakudya cha nthaka chili kuthawa. Mvula ikayandikira, anthu omwewo aima pa sitolo ya feteleza nadandaula kuti mtengo wakwera. Ndipo wakweradi, makamaka kuyambira Novembala 2023, pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100. Mau a m'kalata ino ndi akuti musonkhanitse zimene mukadatentha, muziwoletse, ndi kudyetsa nazo kadimba ka pafupi ndi nyumba.

Dziwani poyamba chimene moto uchita. Phesi, tsamba ndi udzu zili ndi zakudya zimene zinatenga m'nthaka. Zikapsa, zina zitsala m'phulusa, koma chija chobiriwitsa masamba, chimene ophunzira achitcha nayitrojeni, chikwera ndi utsi. Koma zikawola zisanduka dothi lakuda lofewa, longa la pa dzala lakale, paja pamera maungu osabzala munthu. Dothi lotere limwa mvula ngati chinkhupule, nilisunga chinyontho masiku ambiri. Nthaka yotenthedwa chaka ndi chaka iuma gwa, madzi nangoyenda pamwamba, nakokolola dothi kunka nalo kumtsinje.

Nzeru iyi si yachilendo, pakuti mlimi wowojeka udzu ndi mapesi m'mizere aidziwa kale. Mngerezi wina, Albert Howard, amene anagwira ntchito ku Indore m'dziko la India kuyambira 1924 kufikira 1931, anaona m'mene alimi a kumeneko abwezera zotsala kunthaka, nalongosola njira yowoletsera zinyalala m'maenje, imene inafalikira m'maiko ambiri. Njira yake njosavuta.

Sankhani malo a mthunzi, kumene sikuyenda madzi a mvula. Kumbani dzenje lakuya mita 1, ndiko kulekeza m'chiuno mwa munthu wamkulu, m'mimba mwake mita 1, m'litali mamita 2. Mukakhoza, kumbani lina pambali pake. Pansi yalani mapesi oduladula. Pamwamba pake ikani zaziwisi ndi zofewa: masamba, masangwe a mtedza, makoko a nyemba ndi a nthochi, ndi zotsala posadzula ndiwo. Pamenepo thirani ndowe za ng'ombe kapena za mbuzi, kapena zitosi za nkhuku. Muwazepo phulusa la m'khitchini pang'ono, ndi dothi la pamwamba pang'ono, ndi madzi. Bwerezani motero kufikira dzenje litadzala, nimufunditse udzu. Madzi asachuluke. Mukafinya zinyalalazo m'dzanja, zinyowetse chikhatho, koma zisadonthe.

Tsono zikani ndodo pakati kufikira pansi, pakuti ndiyo mboni yanu. Atapita masiku 4 izuleni ndi kuikhudza. Ikatentha, ili ndi chinyontho, ntchito ili kuyenda bwino: tizilombo tosaoneka ndi maso tili kudya zinyalalazo, ndipo kutenthako kuchokera kwa ito. Ikakhala youma, kapena ya nkhungu yoyera, onjezani madzi. Ikanunkha zoipa, madzi achuluka ndipo mpweya wasowa. Sakanizanimo udzu wouma. Pakapita masabata 3 tembenuzani, ndiko kufukula zonse ndi kuziika m'dzenje lachiwiri, za pamwamba zipite pansi, za m'mbali zipite pakati. Apa ndipo alephera ambiri, chifukwa kutembenuza kutopetsa msana, ndipo munthu aona ngati zidzawola zokha. Zidzawoladi, koma mochedwa, ndipo mbewu za udzu za m'mbali, kumene sikunatenthe, zidzamera m'dimba mwanu. Mukatembenuza katatu, manyowa apsa patapita miyezi ngati 3; mudzawazindikira ndi kuda kwake ndi fungo la dothi la m'nkhalango.

Pa malo a miyala, kapena a lowe pamene dzenje lingadzale madzi, unjikani pamtunda ndi kumata mulu wonse ndi matope, kusiya kabowo pamwamba. Amenewo ndiwo manyowa a chimato.

Si zonse zoyenera kulowa m'dzenje. Mapulasitiki, magalasi osweka ndi mabatire siziwola, ndipo mabatire ali ndi ululu. Zonyansa za agalu ndi amphaka zili ndi matenda. Kaufiti amene wachita maluwa, ndi mitengo ya matimati yodwala, zimenezo zitentheni ndithu. Moto uli nayo ntchito yake pamenepo.

Kadimbako kasakule. Mabedi 3 osamalidwa bwino aposa dimba lalikulu losowa wothirira. Bzalani mpiru, anyezi ndi matimati ngati mufuna, koma musanyoze bonongwe, luni, chisoso, nkhwani ndi kholowa. Izi zizolowera nthaka yathu, sizifuna mankhwala ambiri, ndipo mbewu zake musunga nokha osagula. Zikachuluka futsani, kuti mfutso udzakuthandizeni m'mwezi wa Okutobala. Pakati pa mbewu yalani udzu wouma kuti dzuwa lisamwe madzi anu.

Mau awa muwatumizenso kwa ana anu okhala ku Ndirande, ku Bangwe, ku Kawale kapena ku Chibavi, amene agula ndiwo tsiku ndi tsiku ndi ndalama za lendi. Iwo adzati, Tilibe malo. Koma thumba lakale la feteleza ndilo munda. Alidzaze ndi magawo 2 a dothi ndi gawo 1 la manyowa, aliboole pansi kuti madzi atuluke, ndi m'mbali kuti abzalemo mbande, naliimike pa dzuwa pafupi ndi khonde. Zowoletsa sizisowa m'tauni, pakuti masamba ofota atayidwa pa msika uliwonse. Athirire ndi madzi otsukira mpunga kapena ndiwo. Madzi a m'ngalande ndi a sopo wambiri asawagwiritse ntchito.

Chimene sayenera kuchita posowa malo ndicho kukwera phiri ndi nkhwangwa kukatsegula munda pamtsetse. M'mwezi wa Malichi 2023, mvula ya namondwe Freddy itagwa masiku angapo osaleka, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche, nizikwirira nyumba ndi anthu ambiri ku Chilobwe. Mvulayo inali yoopsa, ndipo palibe akadailetsa. Koma mitengo yambiri ya m'phirimo inali itadulidwa kale, ndipo dothi lopanda mizu yoligwira silichedwa kugumuka.

Ndipo inu mafumu, kumbukirani za malimidwe. Kuyambira 1946 Boma la Angerezi linaika malamulo oumiriza anthu kusamala nthaka. Okana analipitsidwa, ena namangidwa, ndipo anthu anadana nayo ntchitoyo pamodzi ndi oilamula, ngakhale zina za m'menemo zinali zothandiza. Chifukwa chake musalamule dzenje la manyowa ndi chindapusa. Kumbani lanu poyamba, pambali pa njira, kuti opita kumjigo aone mpiru wa kwa mfumu nafunse okha. Chimene chifuna mau anu pabwalo ndicho mbuzi ndi nkhumba zoyenda zokha m'chilimwe, ndi moto wa osaka mbewa. Pakuti mayi amene mbuzi za mnansi zamudyera mabedi ake kawiri sadzabzalanso. Panganani za mipanda ndi makola mwezi wa Meyi, pokolola, mapesi asanapse, kuti dzenje lodzazidwa m'Juni lidzapereke manyowa m'Seputembala.