Mwana mumapita naye kusikelo, nanga inu?

Mwezi ndi mwezi mwana mumapita naye kusikelo ngakhale asakudwala. Mumachita bwino zedi. Koma inuyo mayi, inuyo bambo, munapitako liti kuchipatala kukangoyezetsa m'thupi musakumva kupweteka paliponse?

Ambirife timadikira mpaka titagwa, chonsecho matenda ena sagogoda pobwera. BP, kapena kuti kuthamanga kwa magazi, imatha kukhala m'thupi zaka zambiri munthu akulima ndi kuchita geni bwinobwino, uku ikuwononga mtima, impso ndi mitsempha ya mu ubongo. Tsiku lina munthu amangogwa, mbali imodzi yafa, pakamwa papotoka. Apa ndiye abale amayamba kulozana zala, ati wamenyedwa hamala, pomwe ili sitiroko yomwe ikanapewedwa.

Musati ndi matenda a anthu olemera okha ayi. Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizidwa ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa anthu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Kuyezetsako sikuchedwa. Adokotala amangokumangani kansalu pamkono basi. Akapeza 140/90 kapena kuposera apo, adzakuuzani kuti mubwerenso kuti atsimikize, kenako adzakulangizani zochepetsa mchere, mowa ndi fodya, mwinanso kukuyambitsani mankhwala. Shuga amayeza ndi kadontho ka magazi a pachala, chimodzimodzi HIV. Ngati kwanu kuli wina wa shuga kapena BP, inu ndiye musazengereze.

Amayi, dziko lathu lili m'gulu la mayiko omwe khansa ya khomo la chiberekero yafala kwambiri. Ngati mwakwanitsa zaka 25, kafunseni za kuyezetsa. Anamwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo malo omwe ayamba kusintha amaoneka oyera. Zikapezeka msanga, amathana nazo zisanasanduke khansa. Abambo, musamangopereka ya thiransipoti, aperekezeni akazi anu, nanunso mukapereke mkono.

M'zipatala za boma simulipira. Tengani buku lanu lakuchipatala, zotsatira akalembemo kuti ulendo wina adzafanizire. Ana anuwo akufuna fizi ndi malangizo anu kwa zaka zambiri zikubwerazi. Ndiye tsiku lasikelo likakwana mwezi uno, mwana akatsika pasikelo, funsani anamwino komwe akuyeza akuluakulu.